Kodi kutumiza oyilo wa mu injini ku labotale n'kutaya ndalama?

Funso: Ndimalima ku Mchinji komanso ndimabwereketsa makina. Ndili ndi mathirakitala awiri, ekisikaveta imodzi ndi jenereta ya 100 kVA. Mnzanga anandilangiza kuti ndizitumiza oyilo ku labotale akamuyeze. Ndinatumiza kamodzi wa mu injini ya ekisikaveta, lipoti n'kubwera lodzaza manambala: Fe 48, Si 31, Al 10, ndipo m'munsi analemba kuti ndiyang'ane mbali yolowera mpweya. Makaniko wanga akuti zimenezi n'za makampani a migodi, ife tizingosintha oyilo pa maola 250 basi. Ndipitirize kodi? Nanga oyilo akapezeka kuti akadali bwino, ndingamuwonjezere maola?

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Ekisikavetayo isapite kukagwira ntchito pafumbi mpaka inu ndi amakaniko anu mutamasula paipi yonse yochokera pa fyuluta ya mpweya kukafika pa turbo. Manambala mwalembawa akundidetsa nkhawa, makamaka chifukwa abwera atatu pamodzi. Si ndi silicon, Al ndi aluminiyamu, ndipo ziwirizi ndi zimene zimachuluka m'dothi. Zikapezeka mu oyilo, silicon akuposa mnzake pafupifupi katatu monga zilili kwa inumu, kawirikawiri limakhala fumbi. Fe ndi chitsulo. Fumbi likalowa limakhala ngati sandipepa pakati pa maring'i ndi masilivi, ndiye chitsulo chimene chikupalika pamenepo ndi chimene labotale ikuchiwerenga.

Silicon amatha kukwera popanda fumbi. Ngati posachedwapa munamata penapake ndi guluu wa gasiketi uja, amakwera kwambiri, koma amakwera yekha, osakoka aluminiyamu ndi chitsulo. Oyilo watsopano nayenso amabwera ndi silicon pang'ono, amene amathira kufakitale kuti asamachite thovu. Choncho afunseni amakaniko ngati anamatapo chilichonse. Akati ayi, kaliyang'aneni fumbi.

Ndinaziona ndi maso zaka zingapo zapitazo, pa ntchito ya msewu wafumbi m'nyengo ya chilimwe. Gireda ina inkalira bwinobwino, utsi wake unali wabwino, woyendetsa analibe dandaulo. Lipoti linabwera likuloza fumbi, bwana wa pamalopo n'kukana: fyuluta ndi yatsopano, aika sabata yathayi. Tinamasula kilampu ya paipi ya labala ija, ndinapisa chala m'kati mwake, mbali imene imayenera kukhala yoyera ngati mbale yotsuka. Chala chinatuluka chili psuu, katondo weniweni. Titapinda paipiyo tinapeza mng'alu wochepa kunsi kwake, pamalo oti munthu ataima sangaone, umene unkatseguka injini ikamagwedezeka. Mpweya unkalowera pamenepo osadutsa pa fyuluta. Tinagula paipi imodzi ndi makilampu awiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Tikanangosintha oyilo, gireda ija ikanapitiriza kumeza fumbi mpaka maring'i kutha, n'kuyamba kumwa oyilo ndi kufuka, kenako injini yonse kuitsitsa.

Amakaniko anu sakulakwitsa kuumirira maola 250, ndipo munthu wosunga nthawi ya sevisi mumusunge. Pamene ndikusiyana nawo ndi apa: kusintha oyilo kumachotsa litsiro limene lalowa kale, koma khomo limene lalowera limatsalabe lotsegula. N'chimodzimodzi kukolopa m'nyumba denga likudontha. Ndipo oyilo amene mumakhuthulira m'chigubu ujayo wazungulira injini yonse, wadutsa m'mabering'i, wakhudza mapisitoni, wafika mpaka pa turbo. Ndi mboni yokhayo imene yaona za m'katimo, ife n'kumaitaya osaifunsa kanthu.

Zoti ndi za migodi zokha, ayi. Nzeruyi inayambira kunjanji. Mu 1946 labotale ya kampani ya sitima ya Denver and Rio Grande Western ku America inayamba kuzindikira mavuto a injini za dizilo poyeza tizitsulo topezeka mu oyilo wogwira kale ntchito. M'zaka za m'ma 1950 asilikali apamadzi a dzikolo anaitengera ku injini za ndege zawo. Migodi inachita kutsatira. Kwa ine amene akuifuna kwambiri ndi munthu wa ekisikaveta imodzi, chifukwa mgodi makina amodzi akafa umadzutsa ena, pomwe inu ikanoka ndiye kuti kontirakiti yaima, ngongole ikuwerengabe masiku, masipeya mukuwadikira kuchokera kunja.

Tsopano manambala aja. Ku labotale amasungunula oyilo pang'ono n'kumupopera pamoto wotentha koopsa m'makina otchedwa ICP. Chitsulo chilichonse chikapsa chimatulutsa kuwala kwamtundu wake, ndipo makinawo amawerenga kuchuluka kwa chilichonse mu ppm, kutanthauza magawo angati pa magawo 1 miliyoni. Fe 48 ndiye kuti mamiligalamu 48 a chitsulo pa kilogalamu iliyonse ya oyilo. Mu injini yolowa malita 20, chitsulo chonsecho sichikwana ndi galamu imodzi yomwe. Palibe chala kapena diso la makaniko limene lingachione pa dipisitiki.

Chitsulo chilichonse chimaloza kwawo. Fe amachokera ku masilivi, crankshaft, camshaft ndi magiya. Cr, amene ndi chromium, kawirikawiri ndi maring'i. Aluminiyamu akakwera popanda silicon, ganizirani mapisitoni. Pb ndi mtovu, Cu ndi mkuwa, Sn ndi tin, ndipo atatuwa akakwera limodzi, mabering'i akudyeka, ndiye musazengereze. Mkuwa ukakwera wokha, makamaka pa injini yatsopano kapena mutangosintha oil cooler, nthawi zambiri umachita kusuluka m'timapaipi ta cooler yomweyo ndipo umadzatsika wokha. Ndawaonapo anthu akufuna kuphwasula injini yabwinobwino chifukwa cha nambala imeneyi. Palinso manambala akuluakulu, ena opitirira 1,000, pa Ca, Mg, Zn ndi P. Amenewo asakuopseni, ndi mankhwala amene opanga oyilo anathiramo dala kuti azitsuka injini ndi kuteteza zitsulo. Phindu lake ndi lakuti amaulula ngati wina anathira oyilo wamtundu wina, kapena ngati amene munagula si amene walembedwa pachigubu.

Mzere umene ine ndimayamba kuyang'ana lipoti likafika ndi wa Na ndi K, sodium ndi potassium. Amenewa ali mu mankhwala a m'madzi a rediyeta. Gasiketi ya hedi ikayamba kuchucha pang'ono, kapena oil cooler ikabooka, timadzi timalowa mu oyilo. Injini ikatentha madziwo amauluka ngati nthunzi, dipisitiki n'kumaoneka yabwino, koma mchere wake umatsalira. Mukadzaona oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti zafika patali. Glycol, amene ndi mankhwala ena a m'madzi amenewa, amaumbitsa oyilo, amatseka fyuluta, ndipo amadya mabering'i mofulumira kuposa fumbi. Lipoti likanena zimenezi, makina aime tsiku lomwelo.

Kenako pali kulimba kwa oyilo, kumene lipoti limalemba kuti viscosity. Oyilo wa 15W-40 akamuyeza pa madigiri 100 amayenera kukhala pakati pa 12.5 ndi 16.3 cSt, umene ndi muyezo wa kulimbako. Akatsika, nthawi zambiri dizilo akulowa mu sampu, kaya chifukwa nozo ikudontha kapena injini imangolira nthawi yaitali osagwira ntchito. Akakwera, ndi mwaye kapena oyilo wapsa chifukwa cha kutentha. Chovuta n'chakuti ziwirizi zikachitika nthawi imodzi zimabisana: dizilo akusungunula, mwaye ukulimbitsa, nambala n'kukhala pakatikati ngati zonse zili bwino. N'chifukwa chake labotale yabwino imayeza dizilo payekha, mwaye pawokha.

Jenereta yanuyo ndi imene ndikuikayikira pa nkhani ya dizilo. Majenereta ambiri kuno amagulidwa aakulu kuposa ntchito yake, ndiye magetsi akazima amangoyatsira mababu, mafiriji ndi kompyuta ziwiri. Injini ya dizilo ikamayenda nthawi yaitali ndi katundu wosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, situtha kutentha mokwanira, dizilo sapsa yense, wina amatsetsereka m'mbali mwa maring'i kulowa mu sampu. Ngati oyilo wa jeneretayo satsika konse pa dipisitiki, kapena akuoneka ngati akuwonjezekera, musakondwere nazo. Mununkhizeni.

Ndikuuzeninso pamene labotale imalephera, kuti musadzaikhulupirire mopitirira. Makina a ICP amaona bwino tizidutswa tating'onoting'ono, tosapitirira ma micron 5 mpaka 10. Tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi ma micron 70, ndipo diso limayamba kuona chinthu chikafika cha m'ma 40. Ndiye giya ikamabenthuka zidutswa zikuluzikulu, Fe akhoza kuoneka wotsika pomwe zinthu zaipa. Pofuna kutseka mpata umenewu amayezanso ndi maginito, nambala yake n'kuilemba kuti PQ. PQ ikakwera Fe ali pansi, m'botolomo muli zidutswa zazikulu, ndipo zimenezo n'zoopsa kuposa Fe wokwera. Pa magiyabokosi, madifu ndi ma final drive a ekisikaveta (magiya omaliza oyendetsa mathiraki ake), musalole lipoti lopanda PQ. Inunso muli ndi mbali yanu imene sifuna ndalama. Pa sevisi iliyonse dulani fyuluta yakale ya oyilo, ndi chodulira chake osati sowo chifukwa sowo imathiramo utuchi wachitsulo, mutambasule pepala la m'katimo padzuwa, mupititsepo maginito. Tonyezimira tofiirira ndi mkuwa, tomata ku maginito ndi chitsulo. Ndipo boti yoduka mwadzidzidzi kapena paipi yophulika, palibe botolo limene lingakuchenjezeni.

Pa ekisikaveta musaiwale hayidiroliki, chifukwa pampu yake ndi yokwera mtengo kwambiri. Kumeneko chachikulu ndi ukhondo. Amawerenga tizidutswa m'mililita imodzi n'kulemba manambala atatu motsatira muyezo wa ISO 4406, mwachitsanzo 18/16/13, oimira tizidutswa toyambira ma micron 4, 6 ndi 14. Nambala ikakwera ndi 1, litsiro lawirikiza kawiri. Kuchoka pa 18 kufika pa 21 kukuoneka ngati pang'ono, koma litsirolo lachuluka kasanu n'katatu. Litsiro lambiri timalithira tokha: fanelo yodula kubotolo lapulasitiki imene imagona pansi, jagi yosavindikira, diramu yoimika panja imene madzi amvula amadikha pamwamba pake n'kumayamwidwa pang'onopang'ono usiku kukazizira. Diramu izikhala pamthunzi, yogoneka chammbali.

Tsopano pamtima pa nkhaniyi. Lipoti limodzi lili ngati kupita ndi mwana kusikelo kamodzi kokha. Anamwino akakuuzani kuti mwana akulemera makilogalamu 9, simungadziwe ngati n'zabwino mpaka mutaona zaka zake ndi mzere wa m'kabuku kuja, ngati ukukwera, waima kapena ukutsika. Fe 48 pa oyilo amene wayenda maola 250 akhoza kukhala wabwinobwino kwa injini ina. Fe 48 yemweyo pa maola 60 ndi mfuu. Injini imene nthawi zonse imapereka 20 ikadzapereka 48, yadwala, ngakhale kuti nambalayo sinafike pamalire amene opanga anaika. Choncho chimene mukugula kwenikweni ndi mzere, ndipo mzere umayamba kuoneka pa sampulo yachitatu kapena yachinayi. Amene amatumiza botolo pokhapokha injini ikayamba phokoso amalipira kuti auzidwe zimene akuzimva kale ndi makutu.

Mzerewo umanama ngati katengedwe ka sampulo kakusinthasintha, ndipo apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Ndalandirapo oyilo m'botolo la Sobo, wina m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa kotsuka ndi madzi. Labotale imayeza chimene mwaipatsa, ndipo singadziwe kuti madzi apezekawo ndi otsukira botolo. Gwiritsani ntchito botolo lawo lomata, la mamililita pafupifupi 100, ndipo mulitsegule nthawi yothira yokhayo. Makina akhale atagwira ntchito mpaka kutentha, kuti zonse za mu oyilo zisakanikirane. Ngati pali valavu yotengera sampulo, pukutani, tayani oyamba kutuluka, mutenge injini ikulira. Ngati palibe, zimitsani ndipo musanathe mphindi zochepa lowetsani kapaipi katsopano pa dzenje la dipisitiki, kodula utali wofanana ndi dipisitikiyo kuti kasakagunde pansi pa sampu pamene pamadikha matope, mupope ndi kapampu kamanja. Kapaipi kamodzi, sampulo imodzi, kenako kutaya. Mukakakamizika kutengera pa boti yokhuthulira, siyani oyamba adutse, mutenge apakati. Botolo lisadzaze mpaka kukamwa, ndipo chivindikiro chisagone pa thiraki yafumbi pamene mukupopa. Malo omwewo, njira yomweyo, ndipo ngati n'kotheka munthu yemweyo nthawi zonse.

Kapepala kopita ndi botolo n'kofunika ngati oyilo yemweyo. Lembani dzina la makina lomwe lija nthawi zonse, chifukwa mukalemba lero "ekisikaveta" mawa nambala ya chesisi, kompyuta yawo idzaona ngati ndi makina awiri ndipo mzere wanu udzaduka. Lembani maola a makina, maola a oyilo, mtundu wa oyilo, malita amene mwawonjezera chisinthireni, ndi chilichonse chimene mwakonza. Za kuwonjezerazi anthu amazinyozera. Injini imene ikumwa oyilo n'kumathiridwa watsopano sabata iliyonse imaonetsa manambala okongola, chifukwa watsopanoyo akusungunula umboni. Ngati mita ya maola inafa, konzani imeneyo musanagule ndi botolo limodzi lomwe. Tumizaninso kamodzi oyilo watsopano wa m'diramu yanu, kuti akhale poyambira kuyerekeza. Ndipo botolo lisagone sabata zitatu mu galimoto kudikira anzake. Lipoti lofika mochedwa limapeza injini itayenda kale maola ena 100 ndi vuto lomwelo.

Kuli bwino kudziwanso kayezedwe kapamalo pomwepo, podikira lipoti. Dontho la oyilo pa chitsulo chotentha bwino, kupitirira pamene madzi amawira, likathetheka ngati mafuta a chipisi mwagwera madzi, ndiye kuti muli madzi. Dontho lina pa pepala lokhuthala loyamwa, mulisiye usiku wonse: likayala bwino mofanana, oyilo akadanyamula mwaye, koma likasiya kadontho kakuda bii pakati, watopa. Kuda kokha kwa oyilo wa dizilo si mlandu, amada m'maola ochepa chifukwa akugwira ntchito yake yonyamula mwaye.

Za kotumiza, njira zilipo zingapo. Ogulitsa makina a Caterpillar ali ndi pulogalamu yawo yotchedwa S·O·S, ndipo ubwino wa malabotale a opanga makina ndi wakuti amadziwa zitsulo zimene zili m'makina awo. Pali malabotale oima paokha monga WearCheck ya ku South Africa, imene inayamba mu 1976 ndipo inafalikira m'maiko oyandikana nafe monga Zambia ndi Zimbabwe. Makampani ena akuluakulu a oyilo amayezeranso makasitomala awo, ndiye funsani kumene mumagula. Kulikonse kumene mungasankhe, funsani ngati ndi yovomerezeka pa muyezo wa ISO 17025, ngati mtengo ukuphatikiza PQ, dizilo, mwaye ndi TBN (mphamvu ya oyilo yolimbana ndi asidi), masiku amene lipoti limatenga, ndiponso ngati pali munthu amene mungamuimbire foni n'kukambirana naye. Mukasankha, khalani pomwepo. Malabotale awiri amatha kusiyana pang'ono pa oyilo yemweyo, ndipo kudumphadumpha kumasokoneza mzere.

Ndalama zikavuta musayese kuyeza chilichonse. Ndikanakhala ine, injini ya ekisikaveta ndikanaiyeza pa sevisi iliyonse, hayidiroliki ndi ma final drive pa maola 500 aliwonse. Jenereta pa sevisi iliyonse, kapena kawiri pachaka ngati siyenda kwambiri. Mathirakitala ndikanawayeza pakati pa nyengo yolima, pamene fumbi lili pachimake, ndi pomaliza pake, kuti chokonza chikonzedwe makina ali pa tchuthi. Mtengo wa botolo muuyerekeze ndi maring'i, masilivi, mabering'i, ntchito ya amakaniko ndi masabata amene makina adzakhale osalowetsa kanthu. Mudziwenso kuti malipoti ambiri adzabwera akunena kuti zonse zili bwino, ndipo mudzayamba kuona ngati mukungotaya ndalama. Malipoti abwinowo ndi amene amajambula mzere umene lachisanu ndi chiwiri lidzapatukepo.

Funso lanu lomaliza, lowonjezera maola: n'zotheka, koma pa ekisikavetayi si pano. Oyilo amene muli fumbi amayenera kuchoka msanga, mankhwala ake akhale amphamvu chotani. Pa makina ena, yambani mwaona malipoti atatu otsatizana oyera pa maola 250. Muziyang'ana TBN, imene imasonyeza mphamvu imene oyilo watsala nayo yolimbana ndi asidi. Ambiri timasintha ikatsika kufika theka la mmene inalili ali watsopano. Ngati TBN ikadali pamwamba, kulimba kuli m'malire, mwaye ndi dizilo zili pansi, onjezerani maola 50 okha, muyeze, muone, kenako ena 50. Fyuluta nayo ili ndi malire ake, ndipo makina amene akadali pa waranti musawapitirize zimene buku lake likunena popanda chilolezo cholembedwa cha ogulitsa.

Sabata ino chitani izi pamodzi ndi amakaniko anu, lipoti lili m'manja mwawo, chifukwa iwo ndi amene adzakhale akutenga masampulowa. Masulani mapaipi a mpweya, mupise chala, mupinde labala lililonse padzuwa, muone makilampu ndi mphira wa pakamwa pa fyuluta. Afunseni ngati amaipopa fyuluta ndi kompuresa kapena kuimenyetsa pa tayala, chifukwa zonse ziwiri zimang'amba pepala lake timabowo tosaoneka, ndipo fyuluta yaing'ono yam'kati ija siitsukidwa konse, imangosinthidwa. Mukapeza polowera, tsekani, sinthani oyilo ndi fyuluta yake, mulembe maola. Pakatha maola 50 mpaka 100 tengani sampulo ina osakhuthula oyilo, ndipo pa kapepala mulembe zimene mwakonza. Silicon akatsika, Fe n'kumutsatira, ndiye kuti mwaipeza nthawi ikadalipo. Silicon akatsika koma Fe ndi Cr n'kukhalabe pamwamba, maring'i anavulala kale, ndipo muyeze mphamvu ya kompuresheni ndi mpweya wotuluka pa breather mvula isanayambe, ntchito isanachuluke.